Kafukufuku wathu waima pa mwendo umodzi: tiyeni tisuzumire kwa aneba

M'chaka cha 1963, mnyamata wina wa ku sekondale ku Tanzania, Erasto Mpemba, anaona chinthu chomwe anzake ndi aphunzitsi ake anamuseka nacho. Mkaka wotentha womwe anauika mufiriji unaundana msanga kusiyana ndi wa anzake womwe unali utazizira kale. Patapita zaka zingapo, kusukulu kwawo kunafika mphunzitsi wa fizikisi wochokera ku koleji ya Dar es Salaam, Denis Osborne, ndipo mnyamatayo anamufunsa funso lomwelo. Osborne sanaseke. Atabwerera anakayesetsa nkhaniyo mu labotale, ndipo mu 1969 awiriwa analemba pamodzi zomwe anapeza. Mpaka lero akatswiri akukanganabe za chimene chimachititsa zimenezi, ena akukayikira ngati zimachitikadi nthawi zonse, koma dzina la Mpemba lili m'mabuku a fizikisi padziko lonse.

Chimene chimandigwira mtima m'nkhaniyi ndi chakuti funso la mwana linapeza kofikira. Panali munthu wa fizikisi, panali labotale, panalinso nthawi yoyesera chinthu chomwe sichikanabweretsa ndalama kwa aliyense. Ndiye ndimadzifunsa kuti mwana wa kuno kwathu atafunsa funso ngati limeneli lero, lingakagwere m'manja mwa ndani?

Ndisanapite kwa aneba athu, Zambia, Mozambique ndi Tanzania, ndinene chilungamo cha kwathu. Pa kafukufuku wa matenda, Malawi si mwana. Ku Chilumba m'boma la Karonga, ntchito yomwe inayamba mu 1979 yofufuza khate inakhazikika mpaka kusanduka malo otsatira umoyo wa anthu kwa mibadwo. Kumeneko ndi komwe kunaoneka kuti katemera wa BCG amateteza ndithu ku khate koma sanateteze anthu a m'deralo ku chifuwa chachikulu cha m'mapapo. Ku Blantyre, Malcolm Molyneux ndi Terrie Taylor anakonza njira yoyezera kukomoka kwa mwana wodwala malungo a muubongo, ndipo madokotala a m'maiko ambiri amaitchula ndi dzina la mzinda wathu. Mu 2015, mothandizidwa ndi makina ojambula mkati mwa thupi a MRI pa chipatala cha Queen Elizabeth, zinadziwika kuti ana ambiri omwe amafa ndi malungo amenewa ubongo wawo umakhala utatupa kwambiri. Katemera wa tayifodi anayesedwa pa ana oposa 28,000 a ku Blantyre kuyambira 2018, ndipo mu 2019 dziko lathu linali loyamba kupereka katemera wa malungo wa RTS,S kusikelo ya ana. Izi ndi zonyaditsa, ndipo ine ndimanyada nazo.

Koma taonani kuti zonsezi zili mbali imodzi. Makina a MRI aja ndi fizikisi yokhayokha: maginito amphamvu, mafunde a wailesi, ndi masamu osandutsa mafundewo kukhala chithunzi. Kuwerengera ngati katemera wagwira ntchito ndi masamu. Ngakhale nsomba za mbuna za m'nyanja yathu, nyanja yomwe ili ndi mitundu ya nsomba yochuluka kuposa ina iliyonse padziko, chinsinsi cha mmene mitunduyo inachulukira chikufufuzidwa powerenga majini pa makompyuta akuluakulu, ndipo gawo lalikulu la ntchitoyo limachitikira kunja. Bayoloje yathu inakula chifukwa ndalama za abwenzi akunja zinkatsata matenda. Masamu, fizikisi ndi uinjiniya zinatsala ngati maphunziro ongophunzitsa m'kalasi, kuti tipeze aphunzitsi a sekondale ndi anthu okalembedwa ntchito kumakampani.

Chaka cha 2016 chimaonetsa bwino mtima wa dziko lililonse. Banki Yaikulu Padziko Lonse inavomereza ndalama zokhazikitsira malo a ukatswiri m'mayunivesite a kum'mawa ndi kumwera kwa Africa. Ife tinapeza awiri: a za nsomba ku LUANAR ndi a za umoyo wa anthu ndi mankhwala azitsamba ku koleji ya udokotala. Zambia inapeza a za matenda a anthu ndi nyama ku University of Zambia (UNZA), komanso a za migodi ku Copperbelt University. Mozambique inapeza a uinjiniya wa mafuta ndi gasi ku yunivesite ya Eduardo Mondlane. Tanzania inatenga anayi, awiri ku yunivesite ya Sokoine ndi awiri ku Arusha, amodzi mwa iwo okhudza madzi ndi mphamvu zamagetsi. Aneba onse atatu anali ndi phazi limodzi mu uinjiniya. Athu onse awiri anali a zamoyo.

Zambia njira yake ndi yosavuta kuimvetsa. Chuma chawo chili pansi pa nthaka, choncho yunivesite yawo yoyamba, yomwe inatsegulidwa mu 1966, inadzakhala ndi sukulu yapadera ya za migodi, ndipo mu 1987 anakhazikitsa yunivesite yachiwiri ku Kitwe, pakati penipeni pa migodi ya kopa. Wophunzira wa za miyala kapena za kusungunula zitsulo amakhala ndi pokayesera zomwe waphunzira, ndipo mafunso a kafukufuku amachokera mu mgodi momwemo: thanthwe ili lipirira kulemera kotani, madzi oipa otuluka m'zinyalala za mu mgodi tiwatani, chitsulo cha kobati tichilekanitsa bwanji ndi kopa mosaononga. Kuipa kwake n'kwakuti mtengo wa kopa ukagwa, thumba la boma limafota ndipo mayunivesite amamva nawo ululu. Komabe ndi bwino kukhala ndi mizu yotere kusiyana ndi kusowa.

Chomwe ndimasirira kwambiri ku Zambia si migodi ayi, koma sukulu ya madokotala a ziweto ku UNZA, yomwe inamangidwa ndi thandizo la Japan m'zaka za m'ma 1980. Ubale umenewo sunathere pa njerwa. Yunivesite ya Hokkaido ya ku Japan inakhala ikugwira ntchito ndi sukuluyi kwa zaka makumi, kufufuza matenda ochoka kunyama kupita kwa anthu, mpaka anapeza kachilombo ka Marburg m'mileme ya m'mapanga a m'dzikomo. Ife tayamba kuphunzitsa madokotala a ziweto m'zaka zaposachedwa, pomwe anzathuwa ali kale ndi mibadwo ya ofufuza.

Pali chinthu chinanso chomwe Zambia ndi Mozambique ali nacho ife tilibe. Onse awiri ali m'gulu la maiko asanu ndi atatu a mu Africa ogwirizana ndi South Africa pa ntchito ya SKA, makina akuluakulu omvera mafunde a wailesi ochokera kuthambo. Ena anganene kuti nyenyezi sizidyedwa. Koma wachinyamata amene waphunzira kutola kaphokoso kakang'ono kochokera kutali pakati pa phokoso lambiri, n'kusanthula manambala mamiliyoni pa kompyuta, ndi yemweyo amene mawa adzawerenga zithunzi za setilaiti kuti aone komwe madzi asefukire. Ophunzira a m'maiko amenewa akhala akupeza maphunziro otere kudzera m'mgwirizanowu. Athu amaonera patali.

Mozambique ndiyo imandipatsa maganizo ambiri, chifukwa inayambira pansi kuposa ife. Pomwe inkalandira ufulu mu 1975, aphunzitsi ambiri a yunivesite anali Apwitikizi ndipo anachoka. Kenako kunabwera nkhondo yomwe inatha mu 1992. Koma kuyambira 1978, dziko la Sweden linayamba kuthandiza kafukufuku ku Eduardo Mondlane, ndipo linapitiriza kwa zaka zoposa makumi anayi. Njira yake inali yoti mphunzitsi wachinyamata azichita PhD akupita ku Sweden kwa miyezi ingapo n'kubwerera kudzapitiriza ntchito kwawo, osataya malo ake a ntchito. Motero munthu amamaliza ali ndi labotale, ophunzira ndi mafunso a kwawo, m'malo momaliza ali mlendo kwawo komwe. Ndipo thandizoli silinasankhe matenda okha, linafikanso ku masamu, ku uinjiniya ndi ku za mphamvu.

Komweko kunali Paulus Gerdes, katswiri wa masamu wobadwira ku Netherlands yemwe anadzakhala nzika ya Mozambique ndipo anamwalira mu 2014. Iye anathera moyo wake akufufuza masamu obisika m'ntchito za manja za anthu a mu Africa: mmene oluka zikwama za sipatsi ku Inhambane amawerengera mizere kuti chithunzi chibwerezedwe mozungulira popanda kuduka, ndi mmene zojambula za pamchenga za Achokwe zimatsatira malamulo omwe angalembedwe ngati masamu. Anaphunzitsa gulu la ana a dzikolo omwe anapitiriza ntchitoyi. Ndimamutchula chifukwa amatichotsera chodzikhululukira. Kafukufuku wa masamu safuna makina odula. Amafuna munthu wopatsidwa nthawi yoganiza, mabuku, ndi anzake okangana nawo. Mphunzitsi amene ali ndi kalasi ya ophunzira mazana angapo ndi mulu wa mapepala oti achonge nthawi imeneyo alibe, ngakhale atakhala wanzeru chotani.

Si zonse za ku Mozambique zomwe zili zosiyana ndi zathu. Malo ofufuzira matenda a ku Manhiça, omwe anayamba mu 1996 mothandizidwa ndi Spain ndipo anayesa katemera wa RTS,S zaka zambiri asanafike kwa ife, akufanana kwambiri ndi a ku Blantyre. Ku paki ya Gorongosa nakonso, kafukufuku wotchuka wa mu 2021, woonetsa kuti njovu zazikazi zopanda minyanga zinachuluka chifukwa opha nyama pa nthawi ya nkhondo ankasankha zaminyanga, anatsogoleredwa ndi akatswiri a ku America. Kusiyana kwake n'kwakuti pakiyo ili ndi labotale yake yomwe inatsegulidwa mu 2014, ndipo imaphunzitsa achinyamata a dzikolo digiri yachiwiri mkati mwa nkhalango momwemo. Akubzala anthu oti mawa adzatsogolere okha.

Tanzania inachita zomwe ine ndimaona kuti ndi zolimba mtima kuposa onse. Ku Arusha anamanga sukulu ya Nelson Mandela, yomwe inakhazikitsidwa kuti izichita kafukufuku ndi kuphunzitsa a digiri yachiwiri ndi PhD. Kumeneko ndi komwe Askwar Hilonga anapangira sefa ya madzi yophatikiza mchenga ndi tinthu ting'onoting'ono tokoka zoipa, yomwe ingakonzedwe molingana ndi vuto la madzi a dera lililonse. Mu 2015 iye anakhala woyamba kupambana mphoto ya uinjiniya ya mu Africa yoperekedwa ndi Royal Academy of Engineering. Ku Sokoine, ku Morogoro, ukatswiri wa za makoswe owononga mbewu unakumana ndi bungwe la APOPO, ndipo makoswe akuluakulu anaphunzitsidwa kununkhiza mabomba okwirira ndi makhololo a odwala TB. Makoswe amenewa anakathandiza kuchotsa mabomba ku Mozambique. Pa masamu, Dar es Salaam yakhala kuyambira 2002 m'mgwirizano ndi mayunivesite a Makerere ndi Nairobi wophunzitsira limodzi a digiri zapamwamba, ndipo UNZA inadzalowamo pambuyo pake. Dipatimenti imodzi ikachepa akatswiri, imabwereka kwa inzake.

Sindikunena kuti kwathu kulibe mbewu. Makina a Pumani othandiza makanda kupuma, omwe anapangidwa ndi ophunzira a Rice University ya ku America pamodzi ndi madokotala a ku Queen Elizabeth pogwiritsa ntchito timapampu ta mpweya totchipa, anakweza chiwerengero cha ana opulumuka kuchoka pa 44 kufika pa 71 mwa 100 aliwonse m'kafukufuku woyamba, ndipo ubale umenewo unadzetsa zipinda zopangira zida zoyesera ku Polytechnic. Mu 2013, Chomora Mikeka ndi anzake a fizikisi ku Chancellor College anayesa kutumiza intaneti kudzera m'mafunde a TV omwe sakugwiritsidwa ntchito, n'kulumikiza malo ena a ku Zomba. Mu 2020 kunatsegulidwa sukulu ya madroni yomwe MUST ili nawo mbali. Koma zambiri mwa izi zinadalira munthu mmodzi wakhama kapena pulojekiti ya zaka zochepa. Za ku Karonga ndi ku Blantyre zinabala chifukwa zinakhala pamalo amodzi zaka makumi atatu, makumi anayi, mpaka ana a sukulu a nthawi imeneyo anasanduka mapulofesa. Masamu ndi fizikisi sitinazipatsepo zaka zotere.

Ndipo mafunso akutidikira. Dziko lathu lili m'chigwa chomwe nthaka yake ikung'ambika pang'onopang'ono, n'chifukwa chake Salima inagwedezeka mu 1989 ndi Karonga mu 2009. Namondwe Ana anaononga damu la Kapichira mu 2022 n'kutichotsera pafupifupi mamegawati 130, ndipo Freddy mu 2023 anagumula mapiri a kummwera. Kuwerengera mphamvu ya madzi a mu Shire, kudziwa phiri lomwe lingagumuke, kumanga nyumba yopirira chivomerezi, zonsezi ndi ntchito za masamu, fizikisi ndi uinjiniya. Miyala ya mtengo wapatali ya ku Kangankunde, ku Songwe Hill ndi ku Kasiya ikukopa makampani akunja, ndipo tifunika anthu athu otha kuyeza okha zomwe zili m'miyalayo.

Kugawidwa kwa University of Malawi mu 2021 kunapatsa Polytechnic, yomwe tsopano ndi MUBAS, ufulu woima payokha, ndipo MUST ili ndi zaka zoposa khumi tsopano. Ine ndikanakonda mayunivesite amenewa, pamodzi ndi Zomba ndi Mzuzu, atagwirizana pa pulogalamu imodzi ya PhD ya masamu ndi fizikisi, ophunzira ake azikakhala miyezi ingapo ku Dar es Salaam, ku Lusaka kapena ku Maputo n'kubwerera, ndipo boma lilonjeze ndalama zake kwa zaka makumi awiri kudzera ku bungwe lathu la sayansi la NCST.