Beowulf anali ngwazi, koma tsiku la chinjoka analakwira anthu ake

Anthu akamakamba za Beowulf, ngwazi ya m'ndakatulo yakalekale ya Chingerezi, amathamangira ku mkono wa chilombo chotchedwa Grendel. Beowulf, mnyamata wa mtundu wa Ageat, kummwera kwa dziko lomwe lero ndi Sweden, anawoloka nyanja ndi anzake 14 kupita ku Denmark, nakagona m'nyumba yaikulu ya mfumu Hrothgar yotchedwa Heorot. Usiku chilombo chomwe chinakhala chikudya anthu kwa zaka 12 chitalowa, iye anachigwira ndi manja okha mpaka mkono unazuka paphewa. Nkhaniyo ndi yokoma, sindikana. Koma ndakatuloyi ili ndi mizere 3,182, ndipo chomwe chimandisowetsa mtendere chili kumapeto, munthuyu atakalamba.

Ndiyambe ndi kumuyamikira, chifukwa akuyenera. Mlonda wa pagombe atawafunsa kuti ndinu yani, Beowulf sanayambe ndi dzina lake. Anatchula mtundu wake, anatchula mfumu yake Hygelac, anatchula bambo ake Ecgtheow. Munthu ankadziwika ndi kwawo komanso ndi amene amamutumikira. Ngakhale ulendo wa ku Denmark unali ndi ngongole kumbuyo kwake: kale Ecgtheow atapha munthu, Hrothgar ndiye analipira chindapusa kuti udani uthe. Hygelac anali mlongo wa mayi ake a Beowulf, malume ake enieni, ndipo ife sitifunika kutifotokozera kulemera kwa ubale umenewo. Mphatso zomwe analandira ku Heorot anakazipereka kwa malumewo.

Chachikulu kuposa zonse Beowulf anachichita Hygelac ataphedwa pankhondo ku Frisia, dera la m'mphepete mwa nyanja kumpoto kwa Ulaya. Mkazi wamasiye, Hygd, anamupatsa mpando wachifumu poona kuti mwana wake Heardred anali wamng'ono. Beowulf anakana. Anamuyang'anira mwanayo mpaka atakula, ndipo ufumu anaulowa Heardred ataphedwa. Kwa ine, apa ndi pamene anaonetsa mphamvu zenizeni. Kuzula mkono wa chilombo kumafuna nyonga, koma kukana mpando womwe wina akukupatsa ndi manja awiri, alipo angati angathe?

Analamulira zaka 50. Kenaka kapolo wina wothawa anaba chikho chagolide m'phanga la chinjoka cholavula moto, chinjokacho n'kuyamba kutentha midzi, nyumba ya mfumu yomwe osaisiya. Beowulf anasulitsa chishango chachitsulo podziwa kuti chamtengo chipsa. Nzeru zinalipo ndithu. Komatu ndakatulo ikunena poyera kuti sanafune kupita ndi gulu lalikulu la nkhondo, ankaona ngati n'kudzichepetsa. Anatenga amuna 11 okha, ndipo atafika anawauza kuti adikire pachitunda, nkhondoyi si yawo, ndi yake yekha.

Apa ndi pamene ndimasiyana naye. Mnyamata wa ku Heorot moyo wake unali wake. Akanafa, Ageat akanalira maliro, dziko n'kupitirira, pakuti mfumu inalipo. Nkhalamba ya pachitunda ija moyo wake sunalinso wake. Inalibe mwana, inali isanakonze wolowa m'malo, ndipo adani a mbali zonse ankaopa dzina lake lokha. Munthu wotere akadziika patsogolo yekhayekha, waika pachiswe mtundu wonse.

Ena adzati mutu ukakula sulewa nkhonya, mfumu ikanabisala bwanji anthu ake akupsa? Zoona, ndipo sindikunena kuti akanakhala pakhomo. Ndikunena kuti akanapita monga mfumu, ndi asilikali ake, osati monga mnyamata wofuna kuonetsa kuti dzanja likadali lolimba. Umboni uli m'nkhondo momwemo. Moto utamuzinga, khumi aja anathawira m'nkhalango. Wiglaf yekha, wachibale wake wachinyamata amene inali nkhondo yake yoyamba pambali pa mfumu, analowa mu utsi. Chishango chake chinapsa, anabisala kuseri kwa chachitsulo chija. Lupanga la Beowulf lotchedwa Nægling linathyoka, chinjoka n'kumuluma pakhosi. Wiglaf, dzanja likupsa, anachibaya kunsi, moto n'kuyamba kuzirala, ndipo Beowulf anamalizitsa ndi mpeni. Chinafa chifukwa anali awiri. Nanga akanalola kuthandizidwa kuyambira pachiyambi?

Othawa aja timawanyoza, ndipo Wiglaf anawadzudzula koopsa, kuwakumbutsa mphete ndi zida zomwe analandira akumwa mowa wa uchi m'nyumba ya mfumu. Anayeneradi kudzudzulidwa. Koma ndimafunsanso: pa zaka 50, zinatheka bwanji kuti mwa amuna osankhidwa ndi mfumu yomwe, mmodzi yekha ndiye analimba mtima? Mtsogoleri akazolowera kumenya yekha nkhondo zonse, anthu ake amazolowera kuonerera. Wiglaf yemweyo, amene ankamukonda kuposa wina aliyense, ananena kuti anamuletsa koma sanamve, ndipo kuti kawirikawiri anthu ambiri amavutika chifukwa cha chifuniro cha munthu mmodzi. Mthenga wolengeza imfa sanabise kanthu: adani awo, Afulanki, Afrisia ndi Aswidi, akamva kuti mfumu yafa, abwera. Pamaliro mayi wina wa Chigeat ankalira poopa kuphedwa ndi ukapolo. Golide amene mfumu inafera anamukwirira naye limodzi, osathandiza aliyense.

Wolemba sanamunyoze Beowulf, ndipo inenso sindikumunyoza. Anamulemba ngati mfumu yofatsa ndi yachifundo kwa anthu ake. N'chifukwa chake nkhaniyi imapweteka: wolakwayo si munthu woipa.

Wina asaganize kuti izi ndi za m'nthano za zinjoka basi. M'chaka cha 991, ku Maldon m'dera la Essex ku England, mtsogoleri wa nkhondo Byrhtnoth anakumana ndi Aviking, ankhondo apanyanja ochokera kumpoto kwa Ulaya. Adaniwo anali pachilumba, ndipo njira yowolokera inali yopapatiza moti amuna atatu okha anaitseka. Aviking atapempha kuti awalole kuwoloka kuti amenyane bwino pamtunda, iye analola. Ndakatulo yofotokoza nkhondoyi imati anawapatsa malo ochuluka chifukwa cha mtima wodzikuza, ngakhale akatswiri ena amati anaopa kuti akawakaniza akaononga kwina kopanda chitetezo. Byrhtnoth anaphedwa. Godric anathawa pa hatchi ya mbuye wake, ambiri n'kuganiza kuti ndi mtsogoleriyo akuthawa, mzere wa zishango n'kupasuka. Otsalawo, kuphatikizapo nkhalamba Byrhtwold, anasankha kufera pambali pa mtembo wa mbuye wawo, ndipo ndi iwo amene ndimawachotsera chipewa, chifukwa anasunga lonjezo pa chisankho chimene sanapange ndi iwo.

Chaka chomwecho, mu ulamuliro wa mfumu Æthelred, Angerezi analipira Aviking mapaundi 10,000 a siliva kuti awasiye pamtendere. Sanawasiye. Pofika 1012 malipiro anali atakwera kufika pa mapaundi 48,000.