Pamzere wokwerera sitima, oyamba akhale okalamba

Chiikireni zithunzi za Amayi ataima pamwamba pa sitima yapamadzi, nyanja ili mbee kumbuyo kwawo, ambiri mwakhala mukundifunsa funso limodzimodzi: kodi n'kwanzeru kuwonjezera ndalama kuti munthu akwere msanga, osaima pamzere? Ena mwa inu muli m'chilimba, mukusonkha kuti mudzapite ku Durban nyengo ikubwerayi. Ndakhala ndikuyankha mmodzimmodzi, koma lero ndati ndilembe kamodzi pano, chifukwa nkhaniyi inandikhala pamtima.

Amayi ali ndi zaka 74. Kwawo ndi ku Katete, anabwera ku Lusaka ali mtsikana, ndipo anatilera ndi tomato ndi kapenta wa pamsika. Madzi aakulu omwe anali atawaonapo ndi a ku Kariba basi, nawonso ulendo umodzi wokha, ndi amayi anzawo a kutchalitchi. Ife ana awo tinasonkha zaka ziwiri kuti akaone nyanja yamchere maso akadaona. Tinanyamuka pa bwalo la ndege la Kenneth Kaunda, maola awiri tili ku Johannesburg, ola lina limodzi tili ku Durban. Tinagona kumeneko, m'mawa mwake ulendo wa kudoko.

Kwa amene simunakwerepo, zimayenda chonchi. Masiku angapo ulendo usanafike mumalembetsa pa intaneti: nambala ya pasipoti, chithunzi cha nkhope, ndipo makampani ambiri amakupatsani kapena kukusankhitsani nthawi yofikira padoko. Mukafika mumasiya zikwama zikuluzikulu kwa onyamula katundu, zitamatidwa kale mapepala a nambala ya chipinda chanu. Kenako mumadutsa pa makina ounika, n'kupita pa tebulo pomwe amaona mapepala anu, n'kudutsanso kwa oona za anthu otuluka m'dziko. Mumalandira kakhadi komwe ndi kiyi wa chipinda, ndi chikwama cha ndalama, ndiponso chiphaso chanu nthawi yonse yomwe muli m'sitima. Pa munthu mmodzi zonsezi sizitenga nthawi. Vuto ndi kuchuluka kwa anthu. Sitima imodzi imanyamula anthu zikwi zingapo, ndipo m'mawa womwewo imakhala ikutsitsa a ulendo wapitawo. Yaikulu ngati Icon of the Seas, yomwe inayamba kuyenda mu 2024 kuchokera ku Miami, ikadzaza imanyamula okwera pafupifupi 7,600. Tangoganizani anthu onsewo akulowera pakhomo limodzi tsiku limodzi.

Ndiye tinaima. Mzere wathu unali wokhotakhota ngati wa pa siteshoni ya mabasi ya Intercity nyengo ya Khrisimasi, kungoti wa bata. Pambali pake panali kanjira kena kotchingidwa ndi chingwe, kopanda anthu. Mwa apo ndi apo pankadutsa banja, kapena anyamata awiri, katundu wawo ali ndi wowanyamulira, ndipo posakhalitsa ankakhala atalowa. Amayi ali ndi nyamakazi m'mawondo onse awiri. Sadandaula, simungawamve, koma ine ndimaona akayamba kusinthasintha mwendo ndi kutsamira ndodo ndi manja awiri. Patapita nthawi anandikoka mkono n'kundinong'oneza: "Mwana wanga, kodi awo akudutsawo ndi odwala?" Ndinati, "Ayi Amayi, analipira." Anayang'ana kanjira kaja kanthawi, n'kungoti, "Oo." Sanawonjezepo kanthu.

"Oo" ameneyo ndi amene wandilembetsa zonsezi. Amayi sanakwiye, sanachite nsanje. Anangodabwa kuti pali malo pomwe mnyamata wa miyendo yake yabwinobwino amadutsa nkhalamba ya ndodo ili chiimire, ndipo palibe amene akuona kuti pali cholakwika.

Njira zolowera kanjira kameneko ndi zitatu. Yoyamba ndi kugula chipinda chodula kwambiri, chija amati suite. Ulemu wa padoko umabwera nacho limodzi, nthawi zina mpaka chipinda chodikirira chokhala ndi mipando yofewa ndi zakumwa. Yachiwiri ndi kukhala kasitomala wakale. Makampaniwa amawerenga masiku omwe mwagona m'sitima zawo n'kumakukwezani pa makwerero a mayina ngati Gold, Platinum, Diamond; kwa Royal Caribbean gulu lake limatchedwa Crown & Anchor Society. Yachitatu ndi kungogula mwayiwo pawokha. Carnival imaugulitsa pa dzina loti Faster to the Fun, Royal Caribbean pa dzina loti The Key, ndipo iyi amawerengera munthu aliyense pa tsiku lililonse la ulendo, n'kuphatikizamo intaneti ndi zina.

Taonani njira yachiwiriyo. Inapangidwira munthu wokhala ku Florida kapena ku Southampton, amene doko lili pafupi ngati mmene Kafue alili kwa ife, woti akhoza kukwera katatu pa chaka. Ife dziko lathu lilibe nyanja yamchere. Tisanaione n'komwe sitimayo, ndalama ya ndege ndi ya kogona yatha kale. Mayi wa ku Chilenje kapena ku Matero amene wasonkha zaka ziwiri akhoza kukwera kamodzi kokha moyo wake wonse, ndiye pa makwerero amenewo adzakhala pansi mpaka kalekale. Kukhulupirika komwe amakupatsa mphotho kumeneko ndi kwa amene anabadwira pafupi ndi doko.

Musandimve molakwa. Sindikudana ndi munthu amene walipira. Ndalama ndi yake, anaivutikira, ndipo kampani ndi bizinesi. Ngakhale kwathu kuno timazidziwa. M'ndege a kutsogolo amalowa poyamba. M'zipatala muli mbali ya olipira zambiri ndi mbali ya ena tonsefe. Ilala ya pa nyanja ya Malawi, yomwe yakhala ikuyenda kuyambira 1951, ili ndi zipinda pamwamba ndi malo a anthu wamba pansi, chimodzimodzi Liemba ya pa nyanja ya Tanganyika yomwe anthu a ku Mpulungu amaidziwa bwino. Kusiyana kwa malo ogona ndi chakudya sikundivuta. Chondivuta ndi mzere, chifukwa mzere ndi wina. Bedi lofewa la mnzako silikuchotsera kanthu iwe. Koma aliyense wodutsa kutsogolo amawonjezera mphindi kwa amene watsala kumbuyo, ndipo amene amalipira mphindi zimenezo ndi thupi lake ndi uja wofooka kuposa onse.

Ife tinaleredwa mwina. Pachigayo, nkhalamba ikafika ndi thumba lake, amayi amene ali pamzere amanena okha kuti agogo agaye kaye. M'minibasi ya ku Chawama, ngakhale kondakitala wamkamwa chotani, mayi wapakati akafika amauza mnyamata kuti asendere kumbuyo. Tsiku la mavoti okalamba, apakati ndi olumala amadutsa, ndipo simumva munthu akung'ung'udza. Pamaliro mpando umapita kwa wamkulu, ana amakhala pamphasa. Zimenezi sitilipira, ndipo sitiziyesa chifundo. Ndi mmene anthu amakhalira basi. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, ndiye sitiwasiya padzuwa.

Tsono chomwe ndinadzadziwa mochedwa n'chakuti thandizo la anthu ovutika kuyenda lilipo, ndipo n'laulere. Makampani a sitimazi amakhala ndi njinga za olumala padoko ndi anthu okankha, ndipo ali ndi fomu yomwe mumalembapo pasadakhale kuti mukubwera ndi munthu wofunika thandizo. Ine sindinkadziwa. Mauthenga omwe ankandifika ulendo usanachitike anali odzaza ndi zogula: zakumwa, zithunzi, intaneti, maulendo a kumtunda. Za thandizo la okalamba zinali m'timalemba ting'onoting'ono tomwe sindinatione. Tinaima kupitirira ola limodzi, mpaka mtsikana wina wogwira ntchito padokopo anawaona Amayi. Anabwera yekha, n'kuwagwira dzanja, n'kuwaitana kuti "Gogo", mawu omwe Amayi anamva popanda womasulira. Anabweretsa njinga, natidutsitsa. Mtsikana ameneyo ndimamupempherera mpaka lero. Koma chomwe anachitacho anachita chifukwa cha mtima wake ndi maso ake. Akanakhala kuti wayang'ana kwina, bwenzi Amayi ataima ola lachiwiri. Kumbuyo kwathu kunali bambo wina wachikulire kuposa iwo, amene sanaonedwe.

Apa ndi pomwe pagona maganizo anga. Ngati kampani ingathe kumanga kanjira ka olipira, kuika chikwangwani chachikulu, n'kuikapo munthu woyang'anira, ingathenso kuchita chimodzimodzi kwa okalamba, apakati, olumala ndi obereka makanda. Chikwangwani chake chikhale chachikulu mofanana, chioneke munthu akangotsika galimoto, ndipo kanjirako kakhale koyamba, ka olipira kabwere pambuyo pake. Zaka za munthu aliyense zili kale mu kompyuta yawo, popeza tinalemba tokha tsiku lobadwa polembetsa. Akudziwa kuti m'chipinda chakutichakuti mukubwera munthu wa zaka 74. Palibe chowaletsa kumutumizira uthenga womuuza khomo loti adzalowere, monga mmene amatumizira wa zakumwa.

Ndipo asanene kuti panyanja sizitheka kuika anthu mofanana, chifukwa sitimayo isananyamuke pamachitika chinthu chomwe ndalama sigwirapo ntchito. Aliyense, wa suite ndi wa chipinda chopanda zenera, ayenera kukaonekera pamalo pake posonkhanira pa nthawi ya ngozi, n'kuphunzira kavalidwe ka jekete loyandamitsa ndi kulira kwa belu la ngozi. Ndi lamulo la mayiko onse lotchedwa SOLAS, lomwe linayamba Titanic itamira mu 1912, ngozi yomwe inapha anthu a m'zipinda zotsika mtengo ochuluka kwambiri kuposa a pamwamba. Lamulolo analikhwimitsa sitima ya Costa Concordia itagunda mwala pafupi ndi chilumba cha Giglio ku Italy mu Januwale 2012, anthu 32 n'kufa. Ena omwe anakwera tsiku lomwelo anali asanaphunzitsidwe kothawira. Kuchokera pamenepo maphunzirowa amachitika sitima isananyamuke kapena ikangonyamuka. Tsiku limenelo ndinaona aja anatidutsa aja ataima pafupi ndi Amayi, akumvetsera mawu amodzimodzi. Ogwira ntchito analembanso kuti Amayi adzafunika wowathandiza pa masitepe ngati patachitika ngozi. Ndiye kuti m'sitimamo amadziwa bwino lomwe kuti wofooka ndiye woyamba kumuganizira. Nzeru imeneyo ingotsika nawo mpaka padoko.

Tsopano funso lanu lija. Kodi mugule? Ngati muli ndi mphamvu zanu, mulibe khanda, mulibe wokalamba, ine ndikuti ndalamayo isungeni. Sitima imanyamuka nthawi imodzi kwa onse. Wolowa msanga amapeza chakudya chamasana pasanadzaze anthu, chikwama chake chimafika kuchipinda msanga, ndipo pa sitima zina amaloledwa kukasiya katundu m'chipinda ena akudikira kuti zipinda zikonzedwe, zomwe nthawi zambiri zimatha chakumasana. N'zabwino ndithu, koma pofika madzulo nonse mumakhala mwafanana. Lembetsani pa intaneti tsiku lomwe atsegula, fikani pa nthawi yomwe mwapatsidwa osati m'mbandakucha, ndipo mankhwala, pasipoti ndi chovala chimodzi zikhale m'kachikwama ka m'manja chifukwa chachikulu chija chimatha kufika madzulo.

Pomwe ndinaona kuti mwayiwu uli ndi phindu lenileni ndi pa zilumba. Ku Portuguese Island, pafupi ndi Inhaca kufupi ndi Maputo, sitima siifika kumtunda. Imaponya nangula patali, anthu n'kumatengedwa pa timaboti ting'onoting'ono, gulu ndi gulu. Oyamba kutsika amakhala ndi tsiku lathunthu pamchenga, omaliza amafika dzuwa lili paliwombo, ndipo nyanja ikawinduka ulendo wa kumtundawo umatha kuimitsidwa. Pamenepo wolipira wagula maola enieni. Chimodzimodzi tsiku lotsika, ngati ndege yanu ya ku Johannesburg ikunyamuka msanga, kutuluka poyamba kungakupulumutseni ku tikiti yatsopano. Amene mukuganiza zogula, funsani kaye ngati ziwiri zimenezi zilimo, chifukwa makampani amasiyana.

Koma ngati mukupita ndi mayi anu, bambo anu, apongozi, kapena aliyense amene kuima kumamuvuta, musayambe ndi kugula. Yambani ndi kufunsa. Uzani ejenti wanu kapena kampaniyo polipira pomwepo kuti mukubwera ndi munthu wofunika thandizo pokwera ndi potsika, lembani fomu yawo, yankho lawo mulisunge m'foni, ndipo mukangofika padoko muuze wogwira ntchito woyamba amene mwakumana naye. Musachite manyazi, ndipo musalole kuti akuluakuluwo akukanizeni. Amayi akanadziwa kuti ndikufuna kuwapemphera njinga akanati, "Iai mwana wanga, usavutitse anthu, ndiima." Ndi mmene alili a m'badwo wawo. Kwa apakati, dziwaninso kuti makampani ambiri salola kukwera mimba ikafika milungu 24, ndiye funsani musanapereke ndalama.

Pa chilumba paja Amayi sanatsike. Anaona mmene kabotiko kankavinira pa mafunde n'kunena kuti mawondo awo sangathe. Tinakhala awiri pamwamba pa sitima, pamthunzi, anthu ambiri atapita, iwo akumwa tiyi n'kumawerenga maboti akupita ndi kubwera. Ananena kuti tsiku limenelo ndi lomwe analikonda kuposa onse.

Achemwali awo a ku Katete, omwe ndi aakulu kwa iwo ndi zaka zitatu, aona zithunzi ndipo akuti nawonso akufuna. Tayamba kale kusonkha. Kalata yopempha njinga padoko ndailemba kale, ili m'foni, ikungodikira nambala ya tikiti.