Mwakana banja la Asilamu, ndiye mukuti mwapeleka umboni?

Dzulo titaweruka kutchalitchi, bambo wina wolemekezeka mumpingo mwathu anaima pansi pa mtengo wa mango n'kumadzitama kuti wabweza banja lina lomwe linkafuna nyumba yake ya lendi, chifukwa mayi wake anabwera atavala hijabu. Anati anthu amenewa ndi zigawenga, ndipo amene anamuzungulira anaseka. Ine sindinaseke, ndipo mpaka tsopano mtima wanga ukuwira, chifukwa bamboyu sanadyepo m'mbale imodzi ndi Msilamu, koma akuweruza ngati wowadziwa.

Ndikunena izi mosadzikweza, poti inenso ndinali wotero. Achimwene anga atabwera ndi nkhani yoti apeza mbeta ya Chisilamu ku Mangochi, ine ndi amene ndinatsogolera kukana, ndipo pachinkhoswe ndinakhala kumbuyo nditakwinya nkhope. Iwo sanakangane nane. Anangokwatira, namapitabe ku Misa, akazi awo namaswali m'nyumba momwemo. Patapita zaka, amayi athu atagonekedwa m'chipatala mwezi wa Ramadani, ife ana awo tinali ndi zifukwa zambiri zantchito. Alamu angawo ndi amene ankagona pasimenti m'mbali mwa bedi, kuchapa zoyala usiku, ndi kuphikira amayi phala masana dzuwa likuswa mtengo, iwo eni osalawa ngakhale dontho la madzi mpaka nthawi yofutulu, yomasula kusala dzuwa litalowa. Kodi chigawenga chimene bambo uja akunena n'chimenechi?

Zakumva zimapweteketsa mutu. Bambo uja akuweruza anthu amene sawadziwa, ndipo amene anaseka aja akuweruza anthu amene sawadziwa. Mwina ndi timavidiyo ta pa WhatsApp, mwina ndi zimene analeredwa nazo, zimenezo sizikundikhudza.

Nditayamba kukapikula katundu ku Dar es Salaam, ndinaoloka pa Songwe kolona yanga nditaibisa pansi pa chikwama, poopa zimene ndinkamva. Ku Kariakoo ndinapeza kuti palibe ndi mmodzi yemwe amene anali ndi nthawi yofufuza chipembedzo changa, aliyense anali kalikiliki ndi malonda ake. Mwini nyumba yogona alendo imene ndinafikira, mkulu wa ndevu zoyera amene ankadzuka m'bandakucha kupita kumzikiti, ataona kolonayo pakama, anandigogodera chitseko Lamulungu m'mawa n'kutuma mwana wake kuti andiperekeze ku St Joseph's Cathedral, pafupi ndi doko la zombo za ku Zanzibar. Mnyamatayo anandifikitsa pachipata n'kubwerera. Ndinachita manyazi pa Misa yonseyo, ndipo amene ndinkawaganizira anali alamu anga aja.

Wina andiuza za ku Cabo Delgado, kumpoto kwa Mozambique, kumene zigawenga zakhala zikupha anthu kuyambira 2017. Zoipazo ndi zenizeni ndipo sindikuzichepetsa, koma ambiri mwa ophedwa ndi othawa m'midzi imeneyo ndi Asilamu omwewo. Kunyamula mlandu umenewo n'kukausenzetsa mayi wofuna nyumba ya zipinda ziwiri ku Ndirande ndi ulesi wa maganizo, komanso nkhanza. Kalembera wa 2018 anapeza kuti Asilamu ndi pafupifupi 14 pa anthu 100 alionse m'dziko muno. Bakili Muluzi, yemwe ndi Msilamu, analamula dziko lino kuyambira 1994 mpaka 2004, ndipo matchalitchi athu sanatsekedwe. Tsiku la Eid bambo yemwe uja amagona kunyumba n'kusangalala ndi tchuthi, osafunsa kuti chachokera kwa yani.

Chinanso chimene chimandinyansa ndi chizolowezi chotchula anzathu a Chiyao ndi dzina lonyoza lija, ngakhale pamaso pa ana. Mwana wa achimwene, wazaka zisanu ndi ziwiri, anabwera kuchokera kusukulu akufunsa ngati iyenso ali m'gulu la anthu amenewo, ndipo amene anamuuza mawuwo ndi mwana wa mnzanga wa m'kwaya.