Alendo asamangodutsa pa Kamuzu Road

Loweruka lililonse m'mawa magalimoto ochokera ku Lilongwe amatsetsereka mu msewu wa M14, kudutsa Mvera, kufika pa Kaphatenga, kenako pa Kamuzu Road, n'kulunjika ku Senga Bay. Mukasuzumira kumbuyo kwake muona makatoni a zakumwa, nyama ya m'filiji, buledi, tomato ndi anyezi yemwe, zonse zogula kale ku Gateway Mall kapena m'masitolo ena akuluakulu a mumzinda. Ena amachita kunyamula ndi mpunga womwe, kubwera nawo m'boma lathu la Salima lomwe muli Lifuwu, kolimidwa mpunga. Lamulungu madzulo abwerera kwawo, ndipo mayi wogulitsa masamba mumsika mwathu sanaoneko ngakhale tambala yawo. Zimenezi zimandiwawa kwambiri, abale anga.

Ndamva ambiri akunena kuti mankhwala ake ndi kumanga mall kunoko, kuti nafenso tikhale ndi kokayenda ndi ana ngati anzathu a ku Lilongwe kapena a ku Chichiri ku Blantyre. Chitukuko sindikuchikana, wandalama zake akabwera kudzamanga tidzamulandira ndi manja awiri. Koma tidzifunse kaye chomwe chimakokera banja ku mall. Ambiri opita kumeneko Loweruka masana sagula zambiri ayi. Bambo agulira ana ayisikilimu, mayi ayang'ana mitengo ya mapoto, achinyamata ajambulana zithunzi zoika pa Facebook, tsiku latha. Chowakoka ndi mthunzi, pokhala, chimbudzi chaukhondo, mlonda woyang'anira galimoto, ndi mtengo wolembedwa pakatundu kuti munthu usachite manyazi pofunsa. Zonsezi sizilira nyumba yamagalasi. Msika wathu ungathe kukhala nazo, ndipo uli kale ndi zina zomwe mall sangazipeze ngakhale atalipira zingati.

Amene sanafikeko padoko ku Senga Bay dzuwa likungotuluka, Salima sanamuone. Asodzi a usipa amakhala atachezera panyanja usiku wonse ndi nyali zawo, ndipo bwato lisanagunde mchenga amayi a geni amakhala ali kale m'madzi olekeza m'mawondo, mabeseni m'manja, aliyense akuitana msodzi wake. Usipa wina upita pathandala kukauma ndi dzuwa, wina aufutsa, nsomba zikuluzikulu aziwamba pamoto utsi uli tolo. Mwana akaima pamenepo theka la ola adziwa kusiyanitsa utaka ndi chambo, kampango ndi mlamba, zinthu zomwe kusukulu amangoziona pachithunzi. Nkhani zomuuza nazo zilipo. Chilumba cha Mbenje, m'dera la mfumu yaikulu Makanjira, chimatsekedwa chaka ndi chaka kuyambira mu Disembala mpaka mu Epulo kuti nsomba ziswane, ndipo lamulo limeneli ndi la mafumu eniake, lidayamba m'zaka za m'ma 1950. Ophunzira za usodzi amachoka kutali kudzaona mmene anthu akumeneko amasungira nyanja yawo, koma ana ambiri obadwira pa Boma pompano sanamvepo n'komwe.

Mumsika namo mumasintha ndi nyengo. Kuyambira Novembala mpaka Januwale mango amachita kuunjikana, maboloma ndi kalisere, fungo lake kumveka usanalowe pachipata. Sikuti kampani ya Malawi Mangoes idasankha Salima mwangozi. Nyengo ina ndi ya malambe ndi bwemba, ina ya mavwende, ina ya mpunga watsopano wa faya ndi kilombero womwe wogulitsa amakuuza kuti utape m'manja ununkhize wekha. Mikeka, madengu, malichero, zipewa za mlaza, ziboliboli za m'mbali mwa msewu wa ku Senga Bay. Wofuna kupitirira akwere M5 akaime pa Chia agule nsomba, akadye kondowole ku Nkhotakota, akaone zoumba za ku Nkhotakota Pottery. Ndipo pali kucheza kwa pamsika komwe ine ndimakukonda kuposa katunduyo. "Mayi, mulu uwu bwanji? Tsitsaniko pang'ono." "Iii achimwene, ndapikula modula, koma tengani, ndikuikirani basera." Tomato awiri aja aponyedwa m'thumba, kenako mufunsana za kumudzi ndi za mvula. Mwana amene waona zimenezi waphunzira kulankhula ndi akulu, kuwerenga chenji ndi kuthokoza.

Nanga n'chifukwa chiyani alendo saima? Tisabisane, misika yathu yambiri si malo oti munthu ungapiteko ndi apongozi ako kapena ndi mwana wazaka zitatu n'kukhalako maola awiri. Dzuwa la mu Okutobala kuno mumalidziwa, koma pokhala pamthunzi palibe. Mvula ikagwa ndi matope okhaokha, madzi a nsomba kusakanikirana ndi zinyalala. Majumbo ali mbwee, chonsecho mapulasitiki opyapyala adaletsedwa kale mu 2015. Chachikulu ndi chimbudzi ndi madzi osamba m'manja. Kolera wa 2022 ndi 2023 tonse tikumukumbukira, maboma a m'mphepete mwa nyanja adatisautsa koopsa, ndipo kholo lomwe lidaona zimene zija silingalole mwana kudya chitumbuwa pamalo opanda mpopi. Ogulitsa amadula tikiti ya msika tsiku lililonse, dzuwa kaya mvula. Ali ndi ufulu wofunsa kuti ndalama imeneyo iwabweretsere chimbudzi chotsukidwa, mpopi wotuluka madzi ndi galimoto yochotsa zinyalala. Ife ogula tiwathandize kufunsa, chifukwa mawu a wogulitsa yekha samveka patali.

China ndi cha ife tomwe. Munthu akatsika m'galimoto yabwino kapena akakhala mzungu, mtengo wa mulu womwewo umakwera pompo kawiri kapena katatu. Ndikumvetsa kuti zinthu zavuta ndipo aliyense akufuna kupha makwacha lero lomwe. Koma akuluakulu adati mlendo ndi mame, ndipo mlendo wozindikira kuti wadyeredwa sabweranso, amakauzanso anzake kuti akagule zonse ku Lilongwe asananyamuke. Kachikatoni kolembapo mtengo ndi makala kangathetse zambiri. Achinyamata ena ozungulira galimoto, kukoka mlendo uku ndi uku aliyense akufuna agule kwa iye, nawonso amathawitsa anthu kuposa mmene akuganizira.

Maganizo anga ndi awa. Ku Lilongwe kuli msika wa alimi womwe umachitika Loweruka kamodzi pamwezi, ndipo mabanja amapitako ngati kokacheza, kudya komweko, ana akusewera. Zambiri zomwe zimagulitsidwa pamisika yotere ife tili nazo pakhomo. Tisankhe Loweruka limodzi pamwezi ndi malo amodzi a mitengo yamthunzi m'mbali mwa msewu wochoka pa Kamuzu Road kupita ku Senga Bay, mtunda wa makilomita pafupifupi 20 womwe mlendo aliyense amadutsamo. Makalabu a alimi a mpunga abwere, amayi owamba nsomba abwere, oluka ndi osema abwere, wa chiwaya ndi wa kanyenya akhale mbali yawo, thobwa likhale m'ndowa yovundikira. Pakhale mabenchi, chimbudzi, ndowa za madzi ndi sopo, ndi poimika magalimoto. Ogulitsa alandire Airtel Money ndi Mpamba poti alendo ambiri sayenda ndi ndalama zam'manja masiku ano. Eni malo ogona alendo ku Senga Bay aziuza alendo awo za tsikulo, ndipo anyamata akabaza, omwe amadziwa njira iliyonse ya m'tauni muno, ndiwo angakhale operekeza abwino ngati atagwirizana mtengo umodzi.

Koma chonde usadzakhale msika wa azungu ndi mabwana okha, wa mitengo yoti mphunzitsi wa pulayimale angoyang'ana n'kubwerera. Ukatero ndiye kuti talakwitsa poyambira pomwe. Oyamba kuufuna ndife eni mudzi. Mabanja ambiri kuno alibe kopita ndi ana pa Loweruka: kumahotela kulowa pamchenga n'kolipira, kukaona nyama kumalo osungira nyama zakutchire a Kuti si aliyense angakwanitse mwezi ndi mwezi, ndiye ana amangokhala m'mavidiyo, bambo ku bawo, mayi pakhomo. Kumsika amapitako mayi yekha, mothamanga, kuti akaphike. Abambo anzanga, tayesani kunyamula dengu tsiku lina mupite nonse, mupatse mwana ndalama m'manja agule yekha nthochi, mukhale pansi mumwe thobwa limodzi. Alendo amaima pomwe aona eni ake atakhala mosangalala.

Nyengo yabwino yoyambira ndi Disembala, mango ali pachimake, sukulu zitatsekera ndipo kunyanja kutadzaza anthu a tchuthi. Amene muli m'makomiti a misika, m'makalabu a alimi ndi m'mabungwe a akabaza, nenani malo omwe mukuona kuti angayenere, ndipo nkhaniyi tiitengere kwa makhansala athu mvula isanayambe.