Musandiuze za mtima wabwino wa Carnegie

Abale inu, ndatopa nazo zithunzi za Andrew Carnegie zomwe mukutumiziranazi. Lero m'mawa wina waikanso china pa Facebook, pansi pake walemba kuti taonani mwana wa mmphawi wa ku Scotland, anapita ku America chimanjamanja, analemera, kenako n'kugawa chuma chake. Anthu mbwee kuyamikira, ati titengerepo phunziro. Phunziro lanji? Ine zandinyansa.

Malaibulale anamangadi, oposa 2,500. Koma ndalamazo zinagwa kumwamba? Zinachokera m'thukuta la anthu osungunula zitsulo m'mafakitale ake ozungulira Pittsburgh. Anthuwo ankakhala pamoto maola 12 patsiku, ndipo likafika tsiku losinthana shifiti ya usana ndi ya usiku, ena ankapitirira maola 24 osapita kunyumba. Ndiye munthu wotereyu mukamumangira laibulale, awerenge nthawi yanji? Ali m'tulo?

Pitani mukafufuze za Homestead, tauni ya pafupi ndi Pittsburgh kumene kunali fakitale ya zitsulo ya Carnegie, chaka cha 1892. Mgwirizano wa malipiro utatha, kampani inati itsitsa malipiro, bungwe la ogwira ntchito linakana. Ena amati mtengo wa zitsulo unali utatsika. Chabwino, utsike, nanga bwanayo anagonapo ndi njala? Henry Clay Frick, amene Carnegie anamusiyira fakitale, anazunguliza mpanda wokhala ndi waya waminga pamwamba, n'kutsekera antchito kunja. Pa 6 July anabweretsa alonda amfuti aganyu a kampani ya Pinkerton okwana 300 m'mabwato pamtsinje wa Monongahela. Kunali kuomberana kuyambira mbandakucha mpaka madzulo, anthu osachepera 10 anafa. Bwanamkubwa wa Pennsylvania anatumiza asilikali oposa 8,000, fakitale n'kutsegulidwanso ndi anthu ena. Pofika November sitalaka inatha, bungwe linatheranso pomwepo.

Nanga mwini wake wamtima wabwinoyo anali kuti? Ali phee ku Scotland, kutchuthi. Yemweyo amene mu 1886 analemba kuti antchito ali ndi ufulu wokhala ndi bungwe lawo. Kulemba ndiye ankatha, ameneyo.

Ndiye mu 1898 anakatsegula laibulale yokongola ku Homestead komweko, yokhala ndi holo ya zoimbaimba ndi dziwe losambiramo. Tangoganizani mayi amene mwamuna wake anaomberedwa m'mbali mwa mtsinje uja, akudutsa pakhomo la nyumba imeneyo. Athokoze? Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Nkhani yanga ndi imodzi basi: amene wakumana malipiro n'kudzakupatsa mphatso sanakupatse kanthu. Wangokubwezera pang'ono pa zako zomwe, ndiponso wakusankhira yekha choti uchite nazo. Wantchito ankafuna ndalama m'thumba, agule nsapato za mwana, alipire lendi, apumeko Lamlungu. Bwana akuti ayi, ndalama zako ndisunga ine chifukwa ukhoza kuziwononga, ndidzakugulira mabuku. Chipongwe chimenecho! Mu 1901 anagulitsa kampani yake kwa J.P. Morgan pamtengo wa madola 480 miliyoni. Pandalama zonsezo, zikanamuvuta kuwonjezera masenti angapo patsiku kwa amene anazipangawo? Kupatsa kumayambira pa malipiro. Zotsalazo ndi kugula dzina, ndipo analiguladi, poti mpaka lero inu mukumuimbira m'manja kwaulere.

Ndipo tisaiwale za Johnstown, tauni ina ya ku Pennsylvania. Carnegie ndi Frick anali mamembala a kalabu ya anthu olemera yotchedwa South Fork Fishing and Hunting Club, yomwe inali ndi damu pamwamba pa tauniyo. Kalabuyo inatsitsa khoma la damu kuti ngolo zawo zizidutsa bwino, inaikanso zotchinga potulukira madzi kuti nsomba zawo zisathawe. Nsomba, abale! Pa 31 May 1889, mvula itagwa yambiri, damu linaphulika, anthu 2,209 anafa. Mabanja ena anatheratu psiti. Opulumuka anapita kukhoti, koma kalabuyo sinalipire chipukutamisozi ngakhale senti imodzi. Mukudziwa chomwe Carnegie anawamangira anthu a ku Johnstown pambuyo pake? Laibulale.