Majaji 9 ku Seoul, majaji 9 ku Bangkok, koma ntchito yake ndi yosiyana

Pali chizolowezi cholankhula za ndale za ku Asia ngati konseko ndi mudzi wa mfumu imodzi. Ena amati kumeneko mtsogoleri sakhudzidwa, ena amati makhothi ake ali ndi mano. Ine ndimayesa dziko ndi funso limodzi: mtsogoleri wolakwa amachotsedwa bwanji, ndipo akachoka, wosankha womulowa m'malo ndi ndani?

South Korea ndi Thailand onse ali ndi khothi lapadera loona za malamulo oyendetsera dziko, ndipo lililonse lili ndi mipando ya majaji 9. Onse achotsapo atsogoleri. Kufanana kwake kuthera pomwepo.

Ku Korea njira yake ndi yotsetsereka movuta dala. Nyumba ya Malamulo ili ndi aphungu 300. Kuti mlandu wochotsa pulezidenti ulowe m'nyumbamo, pamafunika aphungu oposa theka. Kuti udutse, pamafunika mavoti 200. Ukadutsa, pulezidenti amaimitsidwa ntchito nthawi yomweyo, nduna yaikulu n'kugwirizira mpando. Khothi limapatsidwa masiku 180, ndipo majaji osachepera 6 ayenera kuvomereza. Akavomereza, chisankho chimachitika pasanathe masiku 60. Majajiwonso sachokera khomo limodzi: atatu amasankhidwa ndi pulezidenti, atatu ndi aphungu, atatu ndi mkulu wa khothi lalikulu la dzikolo.

Njirayi yayendedwapo katatu. Mu 2004 aphungu adaimitsa Roh Moo-hyun, khothi lidamubwezera pampando. Park Geun-hye adagwa ndi mavoti 234 mu Disembala 2016, majaji onse 8 amene analipo n'kutsimikiza mu Malichi 2017. Yoon Suk Yeol adalengeza ulamuliro wa asilikali usiku wa pa 3 Disembala 2024, aphungu 190 adathamangira ku Nyumba ya Malamulo, ena mochita kukwera mpanda, n'kuuthetsa kusanache. Voti yoyamba yomuchotsa idalephera chifukwa a chipani chake adatuluka m'nyumbamo. Yachiwiri, pa 14 Disembala, idapeza 204. Otsutsa boma paokha sakadafika 200, ndiye kuti ena a chipani chake chomwe adamutembenukira. Apa ndi pomwe pali nzeru ya nambala ija: siulola kuti adani ako okha akugwetse. Khothi lidamuchotsa pa 4 Epulo 2025, anthu adavota pa 3 Juni.

Sindikunena kuti kulibe ming'alu. Pomwe mlandu wa Yoon unkayamba khothi lidali ndi majaji 6 okha, mipando itatu ili pululu chifukwa zipani zimakanganirana. Jaji mmodzi akadakana, mlandu ukadafera pomwepo. Han Duck-soo, yemwe amagwirizira mpando, adakana kulonga majaji atsopano, aphungu n'kumuimitsanso iyeyo. Womutsatira ndiye adalonga awiri. Lamulo lingalembedwe bwino chotani, munthu wofuna kulizemba amayambira pa mipando yopanda anthu.

Tsopano Thailand. Kumeneko sipafunika magawo awiri mwa atatu a aphungu. Gawo limodzi mwa magawo khumi la nyumba imodzi, kaya ya aphungu kaya ya maseneta, likhoza kutumiza dandaulo kukhothi, ndipo majaji ochuluka chabe ndiwo amagamula. Nduna zazikulu zingapo zagwa motere. Samak Sundaravej adachotsedwa mu 2008 chifukwa cholandira malipiro pa pulogalamu yophika ya pa TV. Yingluck Shinawatra adachotsedwa mu 2014, patangopita milungu iwiri asilikali n'kulanda boma. Srettha Thavisin adagwa mu Ogasiti 2024, majaji 5 kwa 4, pa dandaulo la maseneta 40, mlandu wake kupereka unduna kwa loya amene adakhalapo kundende. Chaka chotsatira, mwezi womwewo, Paetongtarn Shinawatra adagwa 6 kwa 3 chifukwa cha zomwe adalankhula pafoni ndi Hun Sen, nduna yaikulu yakale ya ku Cambodia.

Maseneta 40 aja anali ndani? Anali mwa 250 amene adaikidwa ndi boma la asilikali pansi pa malamulo a 2017. Ndiwonso adatsekereza chipani cha Move Forward, chomwe chidapambana mipando 151 mwa 500 mu 2023, kuposa chipani china chilichonse, kuti chisapange boma. Mu 2024 khothi lomwelo lidathetsa chipanicho. Mlandu wa "khalidwe loyenera nduna", umene udagwetsa Srettha ndi Paetongtarn, ndi thumba lalikulu, chilichonse chimalowamo. Ndipo nduna yaikulu ikachoka, anthu sabwerera kukavota: aphungu amangotola dzina lina pa mndandanda umene zipani zidapereka kale chisankho chisanachitike. Choncho wina akamati khothi la ku Bangkok ndi lolimba mtima chifukwa lachotsa atsogoleri ambiri, ine ndimakana. Kuchuluka kwa ochotsedwa kukusonyeza kuti chipata ndi chotakasuka, ndipo makiyi ake ali m'manja mwa anthu amene sanavoteredwe.

Japan siyilira khothi konse. Aphungu akavota kuti alibe chikhulupiriro ndi boma, nduna yaikulu ili ndi masiku 10: itule pansi udindo pamodzi ndi nduna zake, kapena ithetse nyumbayo anthu akavotenso. Koma kawirikawiri sizifika poteropo. Chipani cha LDP chalamula kuyambira 1955 kupatula zaka zochepa, 1993 mpaka 1994 pomwe chidali kunja kwa boma, ndi 2009 mpaka 2012. Nduna zazikulu zimagwera m'chipani momwemo, monga Suga mu 2021 ndi Kishida mu 2024. Nkhope zimasintha msanga, chipani chili chomwecho.

India ndi yomwe ingatikumbutse zakwathu. Nyumba ya aphungu ya kumeneko, Lok Sabha, ili ndi aphungu 543, ndipo 50 akhoza kuyambitsa voti yochotsa boma. Nduna yaikulu Vajpayee adagwa mu 1999 ndi voti imodzi, 269 kwa 270, pa voti yopempha chikhulupiriro. Koma kuyambira 1985 kuli lamulo loti phungu wochoka m'chipani chake, kapena wovota mosemphana ndi lamulo la chipani, amataya mpando. Cholinga chinali kuthetsa kugula aphungu ngati mbuzi pamsika. Zotsatira zake, phungu sangatembenukire mtsogoleri wake monga adachitira a ku Korea aja, pokhapokha atasamuka ali chigulu, magawo awiri mwa atatu a chipanicho. Wogamula ndi Sipikala, amene nthawi zambiri ndi wa chipani cholamula, ndipo akafuna amangokhalira mafayilo. Amene amakumbukira mmene Gawo 65 lidazunguzira Nyumba ya Malamulo ku Lilongwe nthawi ya Bingu wa Mutharika sangadabwe. Mu 2020 khothi lalikulu la ku India lidachita kunena kuti Sipikala azigamula pasanathe miyezi itatu, n'kulangizanso aphungu kuti aganizire zochotsa mphamvu imeneyi m'manja mwake. Mpaka lero idakali momwemo.