Chenjezo kwa inu amene mukutukwana anzanu kuti "Anguru"

Ana inu, zomwe mukulemba pa Facebook ndi m'magulupu a WhatsApp zikundiwawa mtima. Munthu akangosiyana nanu maganizo pa za ndale basi mwayamba, iwe Nguru, iwe mwana wa tenanti, kathyole tiyi kwanu ku Thyolo. Kodi anakulerani ndani? Mukudziwa misozi yomwe ili kuseri kwa mawu amenewo?

Alomwe ambiri, omwe mukuwanyoza kuti Anguruwo, analowa muno kuchokera ku Mozambique kuyambira cha m'ma 1890, kuthawa msonkho ndi nkhanza za Apwitikizi. Pofika kuno anapeza nthaka yabwino ya ku Mulanje, Thyolo ndi Chiradzulu azungu atagawana kale, mwina khofi, mwina thonje ndi fodya, kenako tiyi. Mlendo alibe munda ndiye amakakhala pa esiteti, lendi yake n'kukhala thangata, kulimira mzungu nthawi ya dzinja pomwe kamunda kake komwe kakufuna khasu, kapitawo ali pambuyo, ukakana akuthamangitsa ndi ana omwe. Ku Magomero pa esiteti ya Bruce zinafika poipa mpaka John Chilembwe anadzuka mu 1915. Akuda anzawo omwe anawapeza kuno ataona anthu opanda malo akugwira ntchito yomwe iwo amaikana anayamba kuwaderera, ndipo manyazi ake anafika poti makolo ena anasiya kuyankhula Chilomwe ndi ana awo, ena kumabisa mtundu wawo kumene. Lewis Bandawe anachita kuyambitsa bungwe la Alomwe mu 1943 kuti dzina lonyoza la Angurulo lithe, inu lero mukulifukula ndi bando ya maola awiri!

Thangata anatha mu 1962 koma malo sanabwerere. Pitani ku Thyolo mukaone midzi itapanikizika pakati pa tiyi, n'chifukwa chake zidzukulu za Alomwewo zimakwera malole kupita ku Kasungu ndi Mchinji kukakhala matenanti a fodya, chimanga cha pangongole, mchere wa pangongole, fodya akagulitsidwa ku okushoni abwana n'kudula zonse munthu kubwerera chimanjamanja. Ameneyo ndiye mukumuseka? Ndalama zakunja zomwe dziko lino limagulira mafuta ndi mankhwala zimachokera kwambiri m'manja omwewo akuda ndi phula la fodya.

Maadimini a magulupu ndikunena ndi inunso, mumaona koma mumangokhala chete. Wolemba zotere muchenjezeni kamodzi, akabwereza mtulutseni. Nanu makolo tamayang'anani zomwe ana anu akulemba pa mafoni omwe munawagulirawo.